Zolemba za ntchito yosintha mafyuluta a kompresa pa fakitale ya zakudya za ziweto ku Kanengo

Makina ake ndi njira imene mpweya umadutsa

Zolembazi ndi za kompresa (makina ofinya mpweya) imene imapereka mpweya ku mbali yopakira matumba pa fakitale yathu yogaya ndi kusakaniza zakudya za ziweto ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe. Ndi kompresa ya mtundu wa screw, yoyendera mota ya 37 kW, ndipo buku lake limati imakoka makyubiki mita pafupifupi 6 a mpweya pa mphindi iliyonse ikamagwira ntchito pa bar 7 (bar ndi muyezo wa pulesha ya mpweya). Mpweya wake ndi umene umakankha masilinda ogwira pakamwa pa thumba likamadzazidwa, umatsegula ndi kutseka zitseko za pansi pa makina osakanizira, komanso umakutumula nsalu za makina okoka fumbi m'nyumba yogayira. Kompresa ikaima, anthu onse a mbali yopakira amakhala pansi, ngakhale chigayo chitakhala kuti chikulira bwinobwino.

Mpweya wakunja umalowera pa fyuluta ya pokokera, imene ndi pepala lolimba lopindapinda lokhala m'chibokosi chobulungira. Ukatero umadutsa pa valavu yolowera n'kufika pa zitsulo ziwiri zopotana zimene zimazungulira molumana, ndipo pamenepo ndi pamene umafinyidwa. Pamalo omwewo makina amapoperapo oyilo, amene amaziziritsa zitsulozo, amatseka timipata ta pakati pake, ndiponso amafewetsa mabeyaringi. Mpweya wosakanikirana ndi oyilo umalowa m'thanki yaing'ono ya m'kati mwa kompresa, momwe muli separator yolekanitsa ziwirizi. Oyilo amabwerera kudzera pa radiyeta ndi pa fyuluta yake, pomwe mpweya umapita ku thanki yaikulu, kenako ku dryer yochotsa chinyezi, imene ili ndi fyuluta imodzi kutsogolo kwake ndi ina kumbuyo. Choncho malo osefera alipo asanu, koma anayi onsewo amadalira oyamba aja, chifukwa fumbi limene ladutsa pa fyuluta ya pokokera silibwereranso kunja; limakathera mu oyilo, mu separator ndi m'mabeyaringi.

Sabata yoyamba ya Seputembala

Dandaulo linachokera kwa ogwira ntchito pa makina opakira. Iwo anati masilinda akugwira matumba mofooka, moti matumba ena a makilogalamu 50 ankapulumuka asanadzaze n'kumwaza chakudya pansi, makamaka masana pamene makina onse akugwira ntchito nthawi imodzi. Nditalowa m'chipinda cha kompresa ndinapeza mlingo wa pulesha utakwezedwa kuchoka pa bar 7 kufika pa bar 8, ndipo a kapitawo a shifiti ya masana anandifotokozera kuti anatero pofuna kuti ntchito isaime. Maganizo awo anali abwino, koma kukweza mlingo sikuwonjezera mpweya umene kompresa ikukoka. Nthawi ya ntchito yambiri makinawo ankangolimbana ndi kufika pa bar 8 osafikapo, ndipo sankapumula mpang'ono pomwe, pamene kale ankati akadzaza thanki ankapepukidwa kwa kanthawi. Nthawi imene ntchito yachepa ankafikapo ndithu, koma pa mtengo wake, pakuti bar imodzi iliyonse yowonjezera imakweza magetsi amene kompresa imadya ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo pa mota ya 37 kW yogwira mashifiti awiri ndalama imeneyo imaoneka pa bilu ya pakutha pa mwezi.

Pa chibokosi cha fyuluta ya pokokera pali kachipangizo koonekera m'kati kamene kamasonyeza mmene makina akuvutikira kukoka mpweya. Fyuluta ikamatsekeka, kachizindikiro kofiira kamakwera pang'onopang'ono mpaka kukakamira pamwamba, ndipo pa kompresa yathu kamakakamira kukokako kukafika pa millibar 50 (millibar 1,000 ndi bar imodzi). Ndinakapeza katakakamira kale. Kagalasi kake kanali katakutidwa ndi gaga, moti kufiirako sikunkaoneka mpaka nditapukutapo ndi chala.

Millibar 50 zimamveka zochepa, koma ziyenera kuyerekezedwa ndi mpweya wa kuno. M'mphepete mwa nyanja yamchere, monga ku Beira kapena ku Dar es Salaam, mpweya umapanikiza ndi millibar pafupifupi 1,013. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, ndipo kuno mpweya umapanikiza ndi millibar pafupifupi 890 zokha. Ndiye kuti ngakhale fyuluta ikhale yatsopano, kompresa yathu imakoka mpweya wopepuka ndi 12 peresenti poyerekeza ndi inzake imene ili ku doko, ndipo pa 890 zotsalazo fyuluta yotsekeka ikachotsapo 50, timatayanso kupitirira 5 peresenti. Kuwonjezera apo, mpweya wotentha ndi wopepuka kuposa wozizira, choncho dzuwa la Seputembala ndi Okutobala limachotsaponso zake. Kompresa imene mu Juni inkakwanitsa ntchito yonse n'kumapumula ikhoza kulephera mu Okutobala popanda chitsulo chilichonse kuthyoka.

Mabuku a makompresa a mtundu umenewu amati fyuluta ya pokokera isinthidwe pakati pa maola 2,000 ndi 4,000, n'kuwonjezera kuti pamalo afumbi isinthidwe msanga. Yathuyi inali isanakwanitse ndi 2,000 omwe. Izi sizinandidabwitse, chifukwa nyengo ino mpweya wa ku Kanengo umakhala ndi fumbi lofiira limene malole amautsa akamalowa ndi kutuluka m'mageti, phulusa la tchire lotenthedwa m'madera ozungulira mzinda, akamvuluvulu odutsa pabwalo masana, komanso gaga wathu yemwe wochokera ku chigayo. Makinawa amameza makyubiki mita 360 a mpweya umenewu pa ola, zimene ndi 5,760 pa maola 16 a mashifiti awiri, ndipo zonsezo zimadutsa pa pepala limodzi.

Loweruka la sabata yomweyo

Tinasankha Loweruka masana chifukwa mbali yopakira imaweruka msanga. Titafika tinapeza magetsi atazima m'dera lonse, ndipo mnyamata amene akuphunzira ntchito m'wekishopu yathu anafuna kuyamba kumasula nthawi yomweyo, poona kuti makina angoti zii. Ndinamuletsa. Kompresayi inakonzedwa kuti magetsi akabwera iziyaka yokha popanda munthu kudina batani, zimene zimatithandiza usiku koma ndi msampha kwa munthu amene dzanja lake lili pafupi ndi fani. Ndondomeko imene tinatsatira, ndipo ndikufuna izitsatidwa nthawi zonse, ndi iyi. Tinazimitsa swichi yaikulu n'kuikhoma ndi loko, kiyi ndinaika m'thumba langa, ndipo pa swichipo tinapachika chikwangwani chonena kuti pali anthu akugwira ntchito. Kenako tinatseka valavu ya pakati pa kompresa ndi thanki yaikulu, n'kudikira mpaka singano ya geji ya thanki ya m'kati itagona pa ziro. Popeza geji imatha kunama, ndinamasula chotsekera cha pothirira oyilo kamodzi kokha n'kutchera khutu. Panalibe kulira kwa mpweya, ndipo apo m'pamene tinayamba.

Tisanatsegule chibokosi tinachipukuta kunja konse ndi nsalu yonyowa. Pansi pa chivundikiro pali kavalavu ka labala kamilomo iwiri, kamene ntchito yake ndi kulavula fumbi lolemera lisanafike pa pepala. Kathu kanali katauma gwa, ndipo m'kati mwake munali mutadzaza gaga wolimba. Fyuluta yakale tinaitulutsa poigwedeza pang'onopang'ono uku ndi uku, osaimenya, kuti fumbi lake lisagwere ku mbali yoyera, kumene kumadutsa mpweya wosefedwa kale.

Chimene chinasintha kukula kwa ntchito yonseyi ndi chimene ndinachipeza ku mbali yoyerayo. Ndinalowetsa kansalu koyera m'paipi yopita ku valavu yolowera, malo amene sayenera kukhala ndi kanthu kalikonse, ndipo kanatuluka ndi mzere wofiirira, wokhakhala ukautikita pakati pa zala. Tinatenga fyuluta yakale ija kupita nayo m'sitolo ya zipangizo, tinatseka chitseko kuti mukhale mdima, n'kuyatsa tochi m'kati mwake. Pepala labwino limangowala mofanana ponseponse. Lathu linali ndi timadontho ta kuwala tondandalika m'mapindo, ndipo chakumapeto kwake kunali mng'alu wautali ngati chikhadabo. Nditafunsa, ndinamva kuti panali chizolowezi choti Lachisanu lililonse fyulutayo izitulutsidwa n'kupemereredwa ndi paipi ya mpweya wa bar 7 mpaka fumbi litaleka kutuluka.

Apa ndikufuna ndifotokoze bwino, chifukwa amene ankachita zimenezi ankachita mwakhama, pokhulupirira kuti akusamalira makina ndi kupulumutsa ndalama za kampani, ndipo ambiri a ife tinaona zikuchitika pa mathirakitala ndi malole. Pepala la fyuluta limagwira tinthu tating'ono mpaka ma micron pafupifupi 3 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi), pamene diso la munthu limayamba kuona kanthu kakafika ma micron 40 kapena kuposa. Mpweya wa bar 7 ukaomba pepala lotere uli pafupi, umathyola ulusi wake makamaka m'mapindo, ndipo mabowo amene umasiya ndi aakulu kwambiri kwa fumbi ngakhale munthu sangawaone masana. Fyuluta yopemereredwa imaoneka yoyera kunja, koma fumbi lokhazikika m'kati mwa ulusi silichoka, n'chifukwa chake yathuyi inali yotsekeka ndi yobooka nthawi imodzi. Pa zovuta ziwirizi, kutsekeka n'kopepukirapo. Fyuluta yotsekeka imatidyera magetsi ndi kuchepetsa mpweya, ndipo tikaika yatsopano vuto limathera pomwepo. Yobooka imalowetsa mchenga wosalala umene umasakanikirana ndi oyilo n'kumapala zitsulo ndi mabeyaringi tsiku ndi tsiku, ndipo chitsulo chikadyeka sichibwereranso. Pali chinanso chimene anthu ambiri sachiyembekezera: fyuluta imene yagwirako ntchito imasefa bwino kuposa yatsopano, chifukwa fumbi loyamba kukhala pa pepala limathandiza kugwira lobwera pambuyo. Choncho kuitulutsa sabata iliyonse sikunali kofunika ngakhale pang'ono, ndipo kutsegula kulikonse kunkapatsa fumbi mpata wogwera ku mbali yoyera. Chofunika ndi kuisiya pamalo pake, kumawerenga kachizindikiro kaja, n'kuisintha kakafiira.

M'sitolo munali fyuluta yatsopano imodzi yokha. Tinatseka kaye pakamwa pa paipi yoyera ndi nsalu, n'kupukuta m'chibokosi monse mpaka nsalu yomaliza itatuluka yopanda banga, makamaka pamalo pamene labala wa fyuluta amakhala. Nsalu zonse zimene tinalowa nazo tinaziwerenga potuluka, chifukwa nsalu yoiwalidwa m'paipi imeneyo imakokedwa kupita ku zitsulo zozungulira. Fyuluta yatsopano tinaikankha ndi manja m'mphepete mwake, osati pakati, mpaka itakhazikika, ndipo sitinapakepo girisi. Chivundikiro tinachibwezera kavalavu kolavula fumbi katayang'ana pansi, tinadina batani lobwezera kachizindikiro kofiira, ndipo pa fyulutapo ndinalemba ndi cholembera chosafufutika maola amene makina anali atayenda.

Lolemba m'mawa tinabwezera mlingo pa bar 7. Kompresa inayamba kudzaza thanki n'kumapumula monga kale, ndipo masilinda anagwira matumba molimba. Kwa a mbali yopakira ntchito inathera pamenepo, koma fumbi limene linalowa kale linali lidakali mu oyilo.

Sabata yachiwiri ndi yachitatu

Ndinalemba kalata kwa akuluakulu a kampani yopempha oyilo watsopano, fyuluta ya oyilo, separator, mafyuluta awiri a pa paipi, kavalavu kolavula fumbi, ndi mafyuluta ena awiri a pokokera oti azikhala m'sitolo. Popeza zina mwa izi zinayenera kuitanitsidwa kuchokera ku Johannesburg, tinadikira.

Tili m'kati modikira, wogulitsa wina wa m'tauni anabweretsa fyuluta ya lole imene inkafanana ndi yathu kutalika ndi kunenepa, pa mtengo wotsika kwambiri. A ku ofesi yogula zinthu anandipempha kuti ndiione. Nditayeza ndi vernier, chipangizo choyezera kukula kwa zitsulo mwatsatanetsatane, ndinapeza kuti pakamwa pa labala wake panali potakasuka pang'ono kuposa paipi yathu, ndipo mapindo a pepala lake anali otalikirana, kusonyeza kuti pepalalo n'lochepa ndipo lingadzaze msanga. Kutakasuka kwa labala ndi kumene kunandichititsa kuikana, chifukwa mpweya umadutsa pamene pali pofewa, ndipo fyuluta yosamata bwino imalowetsa fumbi m'mbali pepala lake lidakali loyera. Ndinawafotokozera kuti zitsulo zofinyira mpweya zikadyeka sitingathe kuzikonza m'wekishopu yathu, kuti zatsopano zingafune ndalama zakunja, ndiponso kuti mbali yopakira ingaime masabata angapo. Anamvetsa, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Loweruka lomaliza la Seputembala

Katundu atafika, tinayatsa makina kwa mphindi zochepa kuti oyilo afunde ndi kuyenda bwino, kenako tinazimitsa ndi kukhoma motsatira ndondomeko ija. Pokhetsa oyilo ndinatapako wina pakati pa kukhetsako n'kumuika m'kabotolo koyera, kuti akayezedwe ku labotale. Oyiloyo anali woderapo, ndipo titatsegula thanki ya m'kati tinapeza pansi pake pali matope opyapyala amene tinawachotsa ndi nsalu zosathothoka ulusi.

Separator yatsopano imatsitsa pulesha ndi pafupifupi bar 0.2, ndipo imayenera kusinthidwa kusiyanako kukamayandikira bar 1. Yathu inali itayandikira pamenepo isanakwanitse nthawi yake, ndipo itatulutsidwa inali yolemera, yofiirira. Mphamvu yonse imene mota inkawononga pokankha mpweya kudutsa m'menemo inali yongotayika.

Pa ntchito ya separator pali zinthu ziwiri zimene ndikuzilemba kuti wodzagwira ntchitoyi m'tsogolo asadzaziphonye. Choyamba ndi timawaya tating'ono tobayidwa pa gasiketi yake, tooneka ngati tija tomangira mapepala mu ofesi. Anthu ena amatichotsa poganiza kuti tinatsalira popakira katundu, kapena kuti tingachititse gasiketi kudontha. Timawayato ndi tolumikiza separator ndi chitsulo cha thanki, kuti magetsi amene amadziunjikira mpweya ndi oyilo zikamathamanga m'menemo azipita pansi. Popanda timeneti pakhoza kuthetheka moto m'kati mwa thanki yodzaza nkhungu ya oyilo wotentha. Titamanga chivundikiro ndinayeza ndi mita ya magetsi kuti nditsimikize kuti kulumikizanako kulipo. Chachiwiri ndi kapaipi kopyapyala kamene kamatsikira pansi pa separator kukayamwa oyilo wodikha m'menemo n'kumubwezera ku makina. Kapaipika kakafupika kapena kabowo kake kakatsekeka, oyilo amatengedwa ndi mpweya kupita m'mapaipi a fakitale ngakhale separator ikhale yatsopano. Kathu kanali kotsekeka pang'ono, ndipo tinakatsuka. Mabawuti a chivundikiro tinawamanga modumphitsa, limodzi uku lina kutsidya, ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa mlingo wa m'buku.

Fyuluta ya oyilo sinavute: tinapaka oyilo pang'ono pa labala wake n'kuimanga ndi manja. Tinathira oyilo wa mtundu womwewo umene buku limatchula, popanda kusakaniza ndi wina aliyense. Oyilo wa injini ya galimoto sayenera kulowa m'makina amenewa. Wakaleyo ali mu mgolo wotseka kuseri kwa wekishopu, ndipo ndaletsa kumutaya m'ngalande.

Tsiku lomwelo tinayeretsa radiyeta, imene timipata take tinali titamatidwa ndi gaga wosakanikirana ndi nkhungu ya oyilo. Pano ndi pamene paipi ya mpweya ili ndi ntchito, chifukwa radiyeta ndi chitsulo osati pepala, koma tinachepetsa pulesha kuti timapiko take tisapindike, ndipo tinapemerera mobwerera kumene mpweya wa fani umachokera, titavala magalasi ndi zotchinga pamphuno. Makina a mtundu umenewu amayenera kutentha madigiri a pakati pa 80 ndi 95, ndipo amadzizimitsa okha akapitirira 110. Athu anali akuyandikira 100 masana, koma titayeretsa anabwerera m'malire oyenera.

Sabata yoyamba ya Okutobala

Mafyuluta awiri a pa paipi sateteza kompresa koma zimene zili kutsogolo kwake, ndiwo masilinda, mavalavu ang'onoang'ono a makina opakira, ndi chakudya chenichenicho cha ziweto, popeza mpweya wina umatulukira pafupi ndi pakamwa pa thumba. Muyezo wa padziko lonse wa ISO 8573-1, monga unakonzedwera mu 2010, umagawa ukhondo wa mpweya wopanikizidwa potengera fumbi, madzi ndi oyilo. Pa oyilo, gulu 1 limalola mamiligalamu 0.01 pa kyubiki mita, gulu 2 limalola 0.1, gulu 3 limalola 1, ndipo gulu 4 limalola 5. Mpweya wotuluka mu separator yabwino umakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 3, choncho kuti tifike pa gulu 2, limene ndi cholinga chathu, tikudalira mafyuluta awiriwa: yoyamba ya micron 1, yachiwiri ya micron 0.01. Pa madzi tikufuna gulu 4, lomwe limatanthauza kuti mpweya usayambe kupanga mame mpaka utazizira kufika madigiri 3, ndipo dryer yathu inapangidwira mlingo umenewo.

Geji ya pa fyuluta yachiwiri inkasonyeza pafupifupi ziro, ndipo ena ankati palibe chifukwa choisinthira. Titatseka mavalavu a mbali zonse ziwiri, kutulutsa mpweya ndi kumasula chikho chake, tinapeza chosefera cha m'kati chitang'ambika chammbali. Geji imeneyi imangoyeza kusiyana kwa pulesha kutsogolo ndi kumbuyo, motero imasonyeza pafupifupi ziro pa fyuluta yatsopano ndiponso pa yong'ambika. N'chifukwa chake zosefera za pa paipi zimasinthidwa chaka chilichonse, geji inene zimene inganene. M'chikho cha fyuluta yoyamba munali mutadzaza madzi oyera ngati mkaka, osakanikirana ndi oyilo, chifukwa kachipangizo kotaya madzi kokha kanali katakakamira ndi litsiro. Tinakatsuka, tinaika zosefera zatsopano ndi malabala atsopano, ndipo tinaonetsetsa kuti muvi wa pa fyuluta iliyonse ukuloza kumene mpweya ukupita.

Pakati pa Okutobala

Fyuluta ya pokokera imene tinaika mu Seputembala yayamba kale kukweza kachizindikiro kake moonekeratu. Ikugwira ntchito yake bwino, koma liwiro limeneli likundiuza kuti tikangolekera pa kusintha mafyuluta tidzakhala tikugula mafyuluta chaka chonse. Gwero la vuto ndi malo amene kompresa imakokera mpweya. Mazenera a chipinda chake ali ku khoma loyang'anizana ndi khomo la chigayo, pafupi ndi pamene malole amatsitsira gaga, ndipo mpweya wotentha wochokera ku radiyeta unkangozungulira m'chipinda momwemo n'kukokedwanso.

Pofuna kuti ndisasankhe malo atsopano mongoganizira, tinadula timatabwa tinayi tofanana, tinatipaka penti yoyera ndi girisi wopyapyala pamwamba, n'kutipachika kunja kwa makoma onse anayi a chipindacho pa msinkhu umodzi kwa sabata yathunthu. Ka ku chigayo kanatuluka katakutidwa moti penti sinkaonekanso, ka ku msewu wa malole kanafiira, ndipo ka ku khoma la kuseri, loyang'ana ku mpanda, kanali ndi fumbi lochepa kwambiri. Timatabwato ndinapita nato ku msonkhano wa Lolemba n'kutiika patebulo, ndipo ndalama ya malata ndi zitsulo inavomerezedwa tsiku lomwelo.

Amisiri owotcherera a m'wekishopu yathu apanga paipi yaikulu ya malata yochokera ku khoma la kuseri, pa msinkhu wa mamita pafupifupi 3 kuchokera pansi, pomwe fumbi lolemera silifika kwambiri. Ndinaumirira kuti ikhale yotakata kuposa pakamwa pa chibokosi cha fyuluta, yaifupi, ndiponso yokhota kamodzi kokha, chifukwa paipi yopapatiza kapena yokhotakhota imavutitsa makina mofanana ndi fyuluta yotsekeka. Kunja kuli chipewa choyang'ana pansi choteteza mvula, ndi waya wa sefa wotchinga masamba ndi mbalame. Polumikizira ndi kompresa taikapo nsalu yolimba ya labala kuti kunjenjemera kwa makina kusang'ambe malata. Pa zitseko za bokosi la kompresa, pamene pamalowera mpweya woziziritsa, taikapo tinsalu tosefera tochapika, ndipo ntchito ya Lachisanu ija tsopano yasamukira pamenepo: kutichotsa, kutichapa ndi madzi, kutiyanika, n'kutibwezera titauma.

Mbali ina ya ntchitoyi ndi kutulutsa kutentha. Magetsi opitirira 90 peresenti amene kompresa imadya amasanduka kutentha, choncho mota ya 37 kW m'chipinda chotseka imatenthetsa mpweya umene makinawo akufunanso kukoka. Tayamba kupanga paipi yachiwiri yotengera mpweya wa ku radiyeta kutulukira padenga, ndipo yatsala kumata polowera malata a denga kuti pasadzadonthe.

Kumapeto kwa Okutobala

Kompresa ikugwira ntchito pa bar 7, ikupumula pakati pa ntchito, ndipo kuchokera pamene paipi yatsopano inalumikizidwa kachizindikiro ka fyuluta ya pokokera kakukwera pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Pakhoma la chipindacho tapachika buku limene a kapitawo a shifiti ya m'mawa azilembamo Lolemba lililonse maola a makina, pamene kachizindikiro kafika, kusiyana kwa pulesha pa separator ndi pa mafyuluta a pa paipi, kutentha kwa makina masana, ndi mlingo wa oyilo. Lamulo latsopano, limene ndalifotokoza kwa mashifiti onse awiri, ndi lakuti chibokosi cha fyuluta ya pokokera chisatsegulidwe pokhapokha kachizindikiro katafiira, ndipo chikatsegulidwa muzilowa fyuluta yatsopano. Mafyuluta awiri osungira ali pashelefu ya pamwamba m'makatoni awo, kutali ndi chinyezi ndi makoswe, ndipo imodzi ikangotuluka m'sitolo ina iziitanitsidwa sabata yomweyo.

Lamlungu lapitali, makina onse atazima, tinadzaza thanki n'kuyenda motsatira mapaipi tikumvetsera ndi kupaka madzi a sopo m'malumikiziro. Unduna wa za mphamvu wa dziko la United States umati pa fakitale yosasamalidwa bwino mpweya wotayika m'mabowo umafika 20 mpaka 30 peresenti ya umene kompresa imapanga, ndipo nditamva kulira kwa mapaipi a labala a ku mbali yopakira ndaona kuti ifenso tili ndi ntchito kumeneko. Malo onse otulutsa thovu tawamangirira nsalu yofiira, ndipo kukonza kwake kudzakhala ndi zolemba zakezake.

Zotsala pa ntchito ino ndi izi. Zotsatira za oyilo amene tinatumiza ku labotale zikafika, ndidzayang'ana makamaka kuchuluka kwa silicon, amene amasonyeza fumbi, ndi kwa chitsulo, chimene chimasonyeza kudyeka. Zikakhala zokwera, oyilo watsopanoyu tidzamusintha msanga kuti atsuke zotsalira, ndipo tidzaitana katswiri woyeza kunjenjemera kwa mabeyaringi. Thanki yaikulu nayo ikuyenera kuyenderedwa ndi munthu wovomerezeka, pamodzi ndi valavu yake yotetezera, monga lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997 limafunira, ndipo kalata yopempha zimenezi yapita kale ku ofesi. Chomaliza n'chaching'ono koma chachangu. Babu la alonda lili pakhoma la kuseri, pafupi kwambiri ndi chipewa cha paipi yatsopano, ndipo mvula yoyamba ikagwa mu Novembala ngumbi zidzaunjikana pa kuwalako n'kumatirira pa waya wa sefa usiku umodzi wokha. Ndapempha amisiri a magetsi kuti alisunthire ku ngodya ya mpanda sabata ino, ndipo waya wa sefawo waikidwa pa mndandanda wa zoyang'ana m'mawa uliwonse mpaka nyengo ya ngumbi itadutsa.